Butterbur: chomera chochepetsa mutu waching'alang'ala chimene madokotala amachiopa

Mukayenda m'mbali mwa timitsinje ta kumpoto kwa England m'mwezi wa Malichi, nthaka idakali yozizira ndipo mitengo yambiri isanaphuke, mumaona timitu tofiirira titatumphuka m'matope. Kuonera patali mungati ndi bowa. Mukawerama m'pamene mumazindikira kuti ndi timaluwa tambirimbiri tounjikana mozungulira phesi lonenepa ngati chala chachikulu, ndipo njuchi zoyamba kutuluka m'chakacho zili piringupiringu pamenepo. Masamba palibe, kapena alipo ang'onoang'ono ngati chikhatho cha mwana. Mukabwereranso mu Juni, malowo simungawazindikire. Gombe lonse limakhala litaphimbidwa ndi masamba aakulu ngati lichero, ena kuposa pamenepo mpaka kuyandikira mita imodzi, ataimirira pa mapesi ofika m'chiuno. Pamwamba tsambalo ndi lobiriwira, kunsi kwake n'kotuwa, kuli tiubweya tofewa ngati bulangeti lakale. Pansi pa masambawo pamakhala mdima ndi chinyontho, ndipo udzu sumerapo.

Chomera chimenechi Angerezi amachitcha butterbur, akatswiri a zomera amati Petasites hybridus. Dzina lachichewa chilibe chifukwa kwathu sichimera. Kwawo ndi ku Ulaya ndi mbali zina za Asia. Achibale ake okha ndiwo timawadziwa bwino, poti chili m'banja limodzi ndi mpendadzuwa ndi chisoso.

Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi uthenga umene mlongo wanga ananditumizira pa foni. "Achimwene, akuti kumeneko kuli mankhwala achitsamba a mutu waching'alang'ala, dzina lake butterbur. Akuti alibe vuto poti ndi achilengedwe. Munditumizireko." Mutu umenewu wamuzunza kwa zaka zambiri. Ukamugwira amadzitsekera m'chipinda, makatani otseka, ndowa ili pambali pa bedi, ana akuyenda monyang'ama panja. Sindinatumize, ndipo kukanako kunandiwawa, chifukwa zimene anamvazo si zabodza zonse. Mankhwalawa amathandizadi anthu ena. Mawu akuti "alibe vuto" ndiwo afunika kuwaunika bwino.

Mayina a chomerachi amasimba mbiri yake. Lakuti Petasites likuchokera ku mawu a Chigiriki akuti petasos, chipewa chakhonde chimene alimi ndi apaulendo ankavala podziteteza ku dzuwa, ndipo mwana aliyense woona tsambalo amafunadi kulivala kumutu. Lachingerezi likukhudza batala: kusanabwere mafiriji, anthu akumidzi ankakulunga batala m'masamba ozizirawa nthawi yotentha, monga ife timakulungira zakudya m'masamba a nthochi. Ajeremani amati Pestwurz, kutanthauza muzu wa mliri.

Dzina lachijeremanilo ndi la nthawi ya mliri wa makoswe, umene unapulula anthu mamiliyoni ambiri ku Ulaya pakati pa 1347 ndi 1351 ndipo unkabwerabwera kwa zaka mazana atatu pambuyo pake. Anthu ankaumitsa muzu wa butterbur, kuusinja, kuusakaniza ndi vinyo n'kumwetsa wodwala kuti atuluke thukuta, poganiza kuti nthenda ituluka nalo. Nicholas Culpeper, katswiri wa zitsamba wa ku London, anali kuyamikirabe muzuwu pa ntchito imeneyi m'zolemba zake za mu 1652. Mliriwo sunamve. Unkayamba ndi kachilombo kofalitsidwa ndi utitiri wa makoswe, kamene Alexandre Yersin anakatulukira ku Hong Kong mu 1894, ndipo thukuta silikanakachotsa. Ndikutchula izi dala, chifukwa ogulitsa amakonda kunena kuti butterbur wakhala akuchiza anthu kwa zaka 2,000. N'zoona kuti Dioscorides, sing'anga wachigiriki wa m'zaka 100 zoyambirira za nyengo yathu, analemba za masamba ake osinja kuti amaikidwa pa zilonda. Koma kutalika kwa zaka kumangosonyeza kuti anthu ankachikhulupirira. Pa zaka zonsezo, ntchito imene chinatchuka nayo kwambiri ndi imene sichinkaitha.

Komabe akalewo sanalakwitse zonse. Ankachiperekanso kwa odwala chifuwa, mphumu ndi kupotokola kwa m'mimba, ndipo apa ndi pamene asayansi a ku Germany ndi Switzerland anapeza poyambira. M'mizu ndi m'masamba ake muli timadzi tokhala ngati mafuta totchedwa petasin ndi isopetasin. Timeneti timamasula minofu imene munthu sailamula, ija yozungulira mitsempha ya magazi, matumbo ndi njira za mpweya. Timachepetsanso kapangidwe ka zinthu zotchedwa leukotriene, zimene thupi limatulutsa likamalimbana ndi chinthu chimene ladana nacho, ndipo ndi zimene zimatupitsa m'mphuno ndi kubanitsa m'chifuwa.

Pa mutu waching'alang'ala nkhani yake ndi yozama pang'ono. Kale madokotala ankaganiza kuti vuto lonse ndi mitsempha ya magazi ya m'mutu imene imafinyika kenako n'kutukumuka. Lero zikudziwika kuti gwero lake ndi ubongo ndi minyewa, makamaka mnyewa waukulu wa kumaso wotchedwa trigeminal. Ukadzidzimuka umatulutsa kanthu kotchedwa CGRP, kamene kamatukumula mitsempha ya magazi ya pa zikuto za ubongo ndi kukuza ululu. Mankhwala atsopano odula kwambiri, monga erenumab amene anavomerezedwa mu 2018, amatchinga kanthu kameneka. Kafukufuku wa m'malabotale wasonyeza kuti petasin ndi isopetasin nawo amachepetsa kutuluka kwa CGRP. Choncho pali chifukwa chomveka chakuti muzu wa m'matopewu ungakhudze mutu.

Umboni waukulu unabwera mu 2004. Gulu lotsogozedwa ndi Dr Richard Lipton wa ku New York linayesa mankhwala a Petadolex, opangidwa kuchokera ku muzu wa butterbur ndi kampani ya ku Germany ya Weber & Weber, pa anthu 245 kwa miyezi inayi. Anawagawa patatu. Ena ankamwa mamiligalamu 75 kawiri pa tsiku, ena 50 kawiri pa tsiku, ena ankamwa makapisozi ofanana maonekedwe koma opanda mankhwala, ndipo wodwala ngakhale dokotala sankadziwa kuti ndani akumwa chiyani. Kwa a mamiligalamu 75, kuchuluka kwa maulendo amene mutu unkawagwira kunatsika ndi 48 peresenti. Kwa a 50 kunatsika ndi 36 peresenti. Kwa amene ankamwa makapisozi opanda kanthu kunatsika ndi 26 peresenti.

Nambala yomalizayo musaidumphe. Anthu amene sanalandire mankhwala alionse anapeza bwino ndithu, chifukwa mutu waching'alang'ala umakwera ndi kutsika pa wokha, komanso munthu akamasamalidwa ndi kuyembekezera kuchira thupi limayankha. Mphamvu yeniyeni ya butterbur ndi mpata wa pakati pa 48 ndi 26. Si waung'ono kwa munthu amene mutu umamugwetsa kanayi pa mwezi, koma si kuchira kotheratu kumene otsatsa amalonjeza. Mlingo wa 50 sunasiyane mokwanira ndi makapisozi opanda kanthu aja. Komanso awa ndi mankhwala oteteza, omwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kuti mutu uzibwera patalipatali. Mutu ukayamba kale, kumwa butterbur sikuuletsa.

Mu 2012 mabungwe awiri a madokotala a ku America, American Academy of Neurology ndi American Headache Society, anaika butterbur pa mlingo wapamwamba kwambiri wa umboni, kuti ndi wothandizadi poteteza mutu waching'alang'ala. Kwa mankhwala achitsamba, ulemu woterewu ndi wosowa.

Pali ntchito inanso, ya chimfine choyamba ndi mungu wa maluwa ndi udzu, chija munthu amangoyetsemula, maso akuyabwa, mamina ali chuchuchu. Kampani ya Zeller ya ku Switzerland imapanga mankhwala kuchokera ku masamba, osati mizu, otchedwa Ze 339 ndipo amagulitsidwa ndi dzina lakuti Tesalin. Mu 2002 Dr Andreas Schapowal anawayerekeza ndi cetirizine, mankhwala odziwika a chimfine chotere, pa anthu 125 kwa milungu iwiri. Onse awiri anathandiza mofanana, kungoti cetirizine ankagonetsa tulo anthu ena. Kafukufukuyu anali waufupi, ndipo cetirizine ndi wotchipa, wopezeka m'mafamase ambiri, ndiye kwa munthu wamba phindu losinthira ku butterbur ndi lochepa.

Tsopano mbali imene mlongo wanga sanauzidwe. M'chomera chomwechi, makamaka m'mizu, muli poizoni wa gulu lotchedwa pyrrolizidine alkaloids, mwachidule PA. Zomera zambiri zimapanga poizoni ameneyu podziteteza ku tizilombo ndi nyama zodya masamba. Kuopsa kwake kuli pa mmene amagwirira ntchito. Akalowa m'thupi sakhala woopsa nthawi yomweyo. Amapita ku chiwindi, ndipo chiwindi poyesa kumuphwanya kuti amutaye chimamusandutsa chinthu chaukali kwambiri, chimene chimamatirira ku maselo a chiwindicho n'kuwawononga. Zoyamba kuvulala ndi timitsempha ting'onoting'ono totulutsa magazi m'chiwindi. Timatupa, n'kutsekeka. Magazi amalowa koma osatuluka bwino, chiwindi chimakula ndi kupweteka, madzi amadzadza m'mimba, maso amasanduka achikasu. Pa nyama zoyeserapo, poizoniyu wayambitsanso khansa ya chiwindi.

Chimene chimandiopsa ine ndi kudekha kwake. Munthu angamwe pang'onopang'ono kwa miyezi osamva kalikonse, kuwonongeka kukuunjikana mwakachetechete, ndipo pamene zizindikiro zikuoneka zinthu zimakhala zitafika patali. Ndiye mawu akuti "ndakhala ndikumwa koma sindinamve vuto" sakutsimikizira chilichonse pa poizoni wa mtundu uwu.

Kum'mwera kwa Africa kuno matendawa si achilendo. Mu 1920 madokotala awiri, Willmot ndi Robertson, analemba za mabanja osauka a m'dera la George ku South Africa amene ankadwala ndi kufa ndi chiwindi atadya buledi wa tirigu wosakanikirana ndi njere ndi masamba a zomera za mtundu wa Senecio, zomera m'minda ngati tchire. Senecio ndi wachibale wapafupi wa butterbur, ndipo poizoni wake ndi wa gulu lomweli. Ku Jamaica madokotala anaona zofanana m'zaka za m'ma 1950 mwa ana omwetsedwa tiyi wa zitsamba zakutchire. Ku Afghanistan, m'chigawo cha Herat, anthu ambiri anafa m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha tirigu woipitsidwa ndi njere za chomera china chokhala ndi PA.

Makampani amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sagulitsa muzu wongosinja. Amagwiritsa ntchito mpweya wa carbon dioxide wopanikizidwa mwamphamvu kwambiri mpaka umachita ngati madzi. Mpweya woterewu umasungunula petasin, amene ali ngati mafuta, n'kusiya poizoni wambiri m'zotsalira. Kenako amayeza ndi makina kuti aone ngati poizoniyo watsika mpaka osaonekanso. Apa ndi pamene pachokera mawu akuti PA-free, kutanthauza opanda PA, amene amalembedwa pa mabotolo. Ntchito imeneyi singachitike pakhomo. Kuwiritsa, kuyanika pa dzuwa kapena kuviika mu mowa sikusandutsa muzu wa butterbur kukhala mankhwala otetezeka. Tiyi wa mizu kapena masamba ake amakoka poizoniyo n'kumuika m'kapu.

Nkhani ikanathera pomwepa ikanakhala yosavuta: gulani woyeretsedwa, siyani wakutchire. Koma malipoti a kuvulala kwa chiwindi anayamba kubwera ngakhale kuchokera kwa anthu omwa mankhwala opangidwa m'fakitale. Dziko la Switzerland linachotsa pa msika mankhwala a muzu wa butterbur mu 2004. Mu Januwale 2012 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain, la MHRA, linachenjeza anthu kuti asiye kumwa mankhwala a butterbur ndipo linapempha ogulitsa kuti awachotse m'mashelefu, potchula malipoti 40 a kuvulala kwa chiwindi, awiri mwa iwo ofika pofuna kuikidwa chiwindi china. Taonani chakacho: ndi chomwecho chimene madokotala a ku America anawapatsa mlingo wapamwamba. Mbali ziwirizi sizinkatsutsana kwenikweni. Ena ankayankha funso lakuti kodi amagwira ntchito, ena lakuti kodi ndi otetezeka. Mu 2015 American Academy of Neurology inasiya kutsatira malangizo ake aja chifukwa cha nkhawa ya chiwindi yomweyi.

Opanga mankhwalawa ndi ofufuza ena amatsutsa kuti m'malipoti ambiri umboni woloza butterbur ndi wofooka, poti odwalawo ankamwanso mankhwala ena kapena anali ndi matenda ena. Mfundo yawo ili ndi mutu ndithu. Kuvulala kwake kukuoneka kuti n'kosowa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu amene amwa. Koma pali vuto lina limene mkanganowu sulikhudza, ndipo kwa ife ogula pa intaneti ndilo lalikulu. M'mayiko ngati America butterbur amagulitsidwa ngati chakudya chowonjezera, osati ngati mankhwala, choncho palibe amene amayeza botolo lililonse lisanafike kwa wogula. Ofufuza a ku University of Mississippi atayeza mitundu 21 ya pa msika mu 2012, anapeza poizoni wa PA mu 7, ndipo ina inalibe petasin n'komwe. Zimene zinayesedwa pa anthu 245 aja ndi mankhwala a kampani imodzi, opangidwa m'njira imodzi. Botolo lina lililonse lolembedwa butterbur silingabwereke umboni umenewo.

Kwa anthu a kwathu ndimaonjezera chenjezo lina. Ambiri ali ndi chiwindi chimene chikusenza kale katundu: kachilombo ka hepatitis B kamene munthu angakhale nako zaka osadziwa, mankhwala a TB, ma ARV ena, mowa. Mankhwala monga rifampicin wa TB ndi carbamazepine wa khunyu amafulumizitsa ntchito ya chiwindi yophwanya zinthu, ija yomwe imasandutsa PA kukhala waukali. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asayandikire n'komwe, chifukwa poizoniyu amafika kwa mwana. Amene thupi lake limadana ndi mungu wa zomera za banja la mpendadzuwa angadanenso ndi butterbur. Ngakhale kwa amene zonse zili bwino, kugeya pafupipafupi ndi kusokonezeka kwa m'mimba zimachitika kawirikawiri. Ndipo amene wayamba kale kumwa, akaona mkodzo wakuda ngati tiyi, maso achikasu, kuyabwa thupi lonse, kutopa kosadziwika bwino kapena kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, asiye tsiku lomwelo apite kuchipatala ali ndi botololo m'manja.

Mlongo wanga ndinamuuza kuti akaonane ndi adokotala akafunse za mankhwala oteteza amene alipo kale kwathu, monga propranolol ndi amitriptyline. Ndi akale, otchipa, ali ndi zovuta zawo, koma zovutazo n'zodziwika ndipo dokotala amatha kuzilondola. Ndinamukumbutsanso kuti si mutu uliwonse umene ndi waching'alang'ala. Mutu wobwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kapena wogwa mwadzidzidzi ngati wamenyedwa ndi chibonga, ndi wothamangira nawo kuchipatala.

Wina angafunse kuti nanga bwanji ku Japan amadya chomerachi ngati ndiwo. Amadyadi, koma ndi mtundu wina, Petasites japonicus, umene iwo amautcha fuki ndipo ku Korea amati meowi. Timitu ta maluwa tongotumphuka kumene, totchedwa fukinotō, amatikazinga m'mafuta titaviikidwa mu ufa, kapena kutidula n'kutisakaniza ndi miso, chokometsera chopangidwa ndi soya wosasitsa, ndipo kuwawa kwake ndiko kumawauza kuti nyengo yozizira yatha. Mapesi ake amalimidwa ngati mbewu ya malonda, makamaka m'chigawo cha Aichi. Ku Ashoro, pa chilumba cha Hokkaido, kuli mtundu wotalika kuposa munthu wamkulu, wofika mamita awiri mpaka atatu, ndipo anthu a mtundu wa Ainu ali ndi nthano za tianthu tating'ono totchedwa Korpokkur tokhala pansi pa masamba ake.

Onani mmene mayi wa ku Japan amakonzera mapesiwo. Amawadula kuti akwane mumphika, kuwawaza mchere, kuwagudubuza pa thabwa ndi zikhatho mpaka madzi obiriwira ayambe kutuluka. Amawaponya m'madzi owira kwa mphindi zochepa, kuwavuula n'kuwaika m'madzi ozizira, kusenda ulusi wakunja kuyambira kumapeto onse awiri, kenako kuwasiya m'madzi kwa maola angapo kapena usiku wonse, akusintha madziwo. Madzi onsewo amatayidwa. Aliyense amene anaonapo agogo akuviika chinangwa chowawa asanachiyanike amvetsa chimene chikuchitika apa. Fuki nayenso ali ndi PA, ndipo unduna wa zaulimi wa dzikolo umalangiza anthu kuti asamadumphe ntchito yochotsa kuwawayi chifukwa imachepetsa poizoniyo. Imachepetsa chabe, ndipo fuki amadyedwa pang'ono, pa nyengo yake. N'zosiyana kutalitali ndi kuwiritsa muzu n'kumwa madzi omwewo tsiku ndi tsiku.

Nanga kulima m'munda wa pakhomo? Kwa amene muli ku Britain kapena kwina kozizira ndipo muli ndi kangodya konyowa kamene kalikonse kamafa, butterbur ndi chomera chokongola kwambiri, bola mulime chifukwa cha maonekedwe ndi njuchi, osati mankhwala. Ngakhale kampani ya Zeller sitola zakutchire. Imalima mtundu wosankhidwa mwapadera kuti mlingo wa petasin uzidziwika.

Chimafuna zinthu zitatu: chinyontho chosatha, mthunzi ndi nyengo yozizira yoti chigone. Nthaka ikhale yakuya, yamanyowa ambiri, yonga ya m'dambo, dongo silichiopsa. M'mbali mwa dziwe, mwa ngalande kapena pansi pa mitengo yoyoyola masamba ndi malo ake. Dzuwa la m'mawa chimalilola, koma la masana limachilefula: masamba aakuluwo amataya madzi msanga kuposa mmene mizu ingakokere, ndipo amagwa lefuu ngakhale nthaka ili yonyowa, n'kudzukanso madzulo. Mphepo yamphamvu imawang'amba. Nkhono, makamaka zija zopanda chigoba, zimaboola masamba aang'ono, koma chomera chokhazikika sichifa nazo. Kumadera otentha a kwathu, kumene mvula imasowa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, si malo ake, ndipo sindingalimbikitse munthu kuchilowetsa m'dziko. Tinaona kale zimene namasupuni anachita mumtsinje wa Shire.

Kubzala kwake n'kosavuta mpaka kuopsa. Sichidalira njere. Chimayenda ndi tsinde lonenepa loyanga pansi pa nthaka, monga amachitira kapinga, kungoti lake ndi lalikulu ngati chala kapena kuposa. Mumadula kachidutswa kokhala ndi diso limodzi kapena awiri, kumayambiriro kwa nyengo yophukira kapena masamba atafota kumapeto kwa chaka, n'kukakwirira mosazamitsa, motalikirana pafupifupi mita imodzi. Gulani kwa ogulitsa mbande kapena pemphani kwa mnzanu amene ali nacho. Ku Britain lamulo la mu 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kuzula chomera chakutchire popanda chilolezo cha mwini malo. Chaka choyamba chimaoneka chofatsa. Chachitatu mumapeza tsamba latulukira pakati pa kapinga wanu, kapena kuseri kwa mpanda, kwa aneba.

Choncho malire muike tsiku lobzala. Ena amakwirira chotchinga cha pulasitiki wolimba mozungulira, chozama masentimita 60, m'mphepete mwake mutatsala pang'ono pamwamba pa nthaka kuti tsinde likafuna kudumpha lionekere. Ena amabzala m'chidebe chachikulu kapena mu mgolo wodula pakati n'kuukwirira m'matope. M'chidebe chimafuna kuthirira kwambiri ndi kuchigawa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Kumbukiraninso kuti chisanu chikayamba masamba onse amafota n'kuola, malowo n'kukhala dazi mpaka Malichi, ndipo popeza mthunzi wake unapha kale zomera zina, palibe chophimba nthakayo. Pa gombe lotsetsereka zimenezi zingabweretse kukokoloka. Ngati muli ndi ana aang'ono kapena ziweto, ganizirani kawiri za malo obzalapo, ndipo masamba ake asalowe m'zakudya za akalulu kapena mbuzi.

Pogula samalani ndi mayina. Pali wachibale wake wa masamba ang'onoang'ono, wochita maluwa onunkhira pakati pa nyengo yozizira, amene Angerezi amamutcha winter heliotrope. Anabwera ngati duwa la m'munda ndipo lero wadzadza m'mbali mwa misewu ya ku Britain ndi Ireland, akupha zomera za komweko. Fuki wamkulu wa ku Japan nayenso wathawa m'minda n'kukhazikika m'mbali mwa mitsinje ina.

Chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa pa butterbur n'chakuti pali zomera zazimuna ndi zazikazi, zosiyana. Ku Britain zazimuna zili pafupifupi paliponse, koma zazikazi zimapezeka makamaka kumpoto ndi pakati pa England, m'madera ngati Yorkshire, Lancashire ndi Derbyshire. Mumazizindikira maluwa akatha: phesi la chachimuna limafota msanga, pamene la chachikazi limatalika mpaka kufika m'mawondo kapena m'chiuno, litanyamula njere zaubweya woyera zouluka ndi mphepo. Ndiye kumadera opanda zazikazi, zazimunazo zinafika bwanji popanda njere? Akatswiri ambiri amaganiza kuti anthu ndiwo anazinyamula, makamaka alimi a njuchi amene ankabzala zidutswa za tsinde pafupi ndi ming'oma yawo kuti njuchi zipeze chakudya pamene maluwa ena asanayambe. Madzi osefukira anathandizanso, pothyola zidutswa n'kukazitula kumunsi. Gulu lonse la masamba lodzadza gombe lingakhale chomera chimodzi chokha chimene chakhala chikuyanga kwa zaka zambiri.

Ngati chakulakani kale ndipo mukufuna kuchichotsa, konzekani ntchito ya zaka ziwiri kapena zitatu. Kumbani ndi foloko ya m'munda nthaka ili yofewa, osati ndi khasu, chifukwa khasu limaduladula tsinde ndipo kachidutswa kalikonse kotsala kamaphuka. Tsatirani tsinde lililonse ndi manja mpaka pothera. Limathyoka msanga ndipo limatulutsa fungo lamphamvu, lowawira, lokakamira ku zala, ndiye valani magolovesi. Zimene mwakumba musaziponye pa mulu wa manyowa kapena mumtsinje. Ziyanikeni pa simenti mpaka ziume gwaa, kapena zitsekereni m'matumba akuda. Pambuyo pake, tsamba lililonse lotuluka lidulidwe lisanatambasuke, sabata ndi sabata, kuti tsinde lotsala pansi lidye nkhokwe yake mpaka ithe.